Dzina Lalowa m'Buku la Boma

1. Mtsikana wa ku Angonia

Ku Angonia kuli mudzi wina waung'ono. Mudziwo uli pakati pa mapiri. Kumeneko kumazizira kwambiri m'mwezi wa Juni. Anthu ake amalima cimanga, nyemba ndi mbatata ya kacewere.

M'mudzimo muli mtsikana wina. Iye ndi mwana wotsiriza wa amayi ake. Amakonda kudyetsa nkhuku. Amakondanso kupirikitsa mbuzi zikalowa m'dimba.

Dzina lake aliyense amalidziwa. Agogo amaliitana m'mawa. Anzake amaliitana akamasewera phada. Ngakhale galu wa pakhomo amagwedeza mcira akalimva.

Koma panali buku limodzi limene silinkadziwa dzinalo. Bukulo ndi la boma. Limakhala ku Ulongwe, ku ofesi yolembetsa ana obadwa. Pa Cipwitikizi ofesiyo amaicha Registo Civil.

2. Kusukulu

Munali m'mwezi wa Okutobala, caka ca 2022. Uno ndi mwezi umene makolo amayamba kulembetsa ana a kalasi yoyamba. Mtsikana uja anali pafupi kukwanitsa zaka 6.

Lolemba m'mawa amayi anamusambitsa. Anamupesa tsitsi. Anamugwira dzanja napita naye kusukulu.

"Odi, aphunzitsi!"

"Lowani, mayi. Khalani apa. Mwabwera ndi mlendo wathu?"

"Inde, aphunzitsi. Ndikufuna ayambe sukulu."

"Mwacita bwino. Sedula yake ili kuti?"

Sedula ndi kalata ya kubadwa. Imanena dzina la mwana, tsiku limene anabadwa, ndi maina a makolo ake.

Amayi anayang'ana pansi. Anayankha motsitsa mawu.

"Alibe, aphunzitsi. Sindinamulembetse."

Mphunzitsi wamkulu sanawakalipire. Anatenga colembera nati: "Mwanayu sitimubweza. Timulemba lero lomwe. Koma sedula ifunika ndithu. Tsiku la mayeso likadzafika, adzaifuna. Akadzakula, adzaifunanso kuti atenge bilyeti yake. Pitani ku Ulongwe mvula isanayambe."

Pobwerera amayi sanalankhule. Mtsikana uja anawakoka kapulana.

"Amayi, ndalakwa ciani?"

"Sunalakwe kanthu, mwanangu. Ndinacedwa ndine."

3. Cifukwa cake anacedwa

Mtsikanayu anabadwa mu Januwale 2017. Inali nthawi ya mvula yambiri. Mtsinje unadzaza, ndipo njira ya kucipatala inatsekeka. Iye anabadwira m'nyumba ya agogo, usiku, nyali ili ciyakire.

Abambo ake anali atapita kale ku Johannesburg kukafuna nchito. Ana ena awiri aakulu anakawalembetsa abambowo ali pomwepo. Tsono amayi ankaganiza kuti mayi payekha sangalembetse mwana. Anadikira caka cimodzi. Anadikira caka caciwiri. Abambo sanabwere. Zaka zinangopita.

Amayi ambiri amaganiza comweco. Koma si zoona. Mayi akhoza kulembetsa mwana wake yekha. Bambonso akhoza. Ndipo mwana akalembetsedwa m'miyezi yoyamba atangobadwa, makolo salipira kanthu.

4. Kwa a nyakwawa

Masana amayi anapita kwa amalume a mtsikana uja. Anawapeza akusosa m'munda.

"Acimwene, ndili ndi nkhani. Ndi ya mphwanuyu."

Amalume anaika khasu pansi. Anamvetsera zonse. Kenaka anati: "Mlongo, nkhani ya mwana siigonetsa. Tiyeni kwa a nyakwawa."

Pakhomo pa a nyakwawa pali mtengo wautali. Pamtengopo pali mbendera ya dziko la Mozambiki. Kuyambira caka ca 2000, boma linavomereza mafumu ndi atsogoleri a m'midzi kuti azigwira nalo nchito. Iwo amadziwa anthu ao. Amadziwa amene wabadwa ndi amene wamwalira.

Amalume anaomba m'manja. Amayi anagwada. Mtsikana uja anagwadanso.

"Zikomo, mfumu. Tabwera kudzapempha kalata ya umboni."

A nyakwawa anayang'ana mwanayo namwetulira.

"Uyu ndimamudziwa. Si uja anabadwa usiku umene mlatho unakokoloka? Ndi wathu ameneyu."

Analemba kalata. Anapumira pa cidindo, nadinda: pha!

Madzulo agogo anatsegula bokosi lao lacitsulo. Anaturutsa khadi la kusikelo. Linali m'kapepala ka pulasitiki. Linali lakale, koma mbewa sizinalidye. Pakhadipo anamwino analemba tsiku limene mwana anabadwa ndi katemera yense amene analandira.

"Tenga ili," anatero agogo. "Ine masiku ndimaiwala. Pepala siliiwala."

5. Ulendo wa ku Ulongwe

Ananyamuka tambala woyamba atalira. Amalume anamanga thumba la mbatata pa njinga. Mtsikana uja anakhala pamwamba pa thumbalo. Amayi ankayenda pambuyo. Kalata ndi khadi anazimanga pa nsonga ya kapulana.

Mbatatazo zinali zokagulitsa. Mwana akakula osalembetsedwa, makolo amalipira ndalama pang'ono. Amayi analibe ndalamazo m'nyumba.

Anaoloka mtsinje. Anakwera citunda. Anatsika. Dzuwa litakwera anaona nyumba zamalata zambiri.

"Ulongwe ndi uyu," anatero amalume.

Ulongwe ndilo likulu la Angonia, m'cigawo ca Tete. Mtsikana uja anali asanafikeko. Anaona magalimoto, njinga zamoto ndi mawaya a magetsi. Anaona anthu ambiri atavala bwino. Ana a sukulu ankaguba. Kwinaku kunkalira ng'oma.

Anafika pa ofesi ija. Citseko cinali cotseka. Mawindo anali otseka. Pakhonde panali mlonda yekha.

"Odi, bambo. Kodi alembi sanafike?"

"Pepani, mayi. Lero sagwira nchito. Lero ndi pa 4 Okutobala, Tsiku la Mtendere. Maofesi onse a boma ndi otseka. Mubwere mawa m'mawa."

Amalume anagwira pakamwa. Nthawi yososa masiku onse amafanana. Ndiponso mabatire a wailesi yao anali atatha. Palibe amene anakumbukira.

Amayi anakhala pansi pakhondepo. Miyendo inali itatopa. Kumudzi kunali kutali. Kumunda nchito inali kudikira.

"Tibwerere, mlongo?" anafunsa amalume. "Tidzabwera tsiku lina."

Amayi anakhala cete kwa kanthawi. Kenaka anapukusa mutu.

"Iyai, acimwene. Mawu akuti tsiku lina ndiwo andidyera zaka zisanu. Tigona konkuno."

6. Kumsika

Maofesi anali otseka, koma msika unali wotsegula. Amayi anayala thumba pansi. Anaunjika mbatata milu milu.

Posacedwa panafika munthu wina ali ndi kabuku. Amayi anamupatsa ndalama yacitsulo. Iye anang'amba kapepala nawapatsa.

"Amalume, munthuyu wagula ciani? Sanatenge mbatata!"

Amalume anaseka.

"Sanagule kanthu, mphwanga. Watolera msonkho wa msika. Iye ndi wa Munisipiyo."

"Munisipiyo ndani?"

"Si munthu. Ndi ofesi imene imasamala tauni ino. Waona amayi akusesa aja? Waona potaya zinyalala paja? Waona zimbudzi zija? Zonsezo zimafuna ndalama. Aliyense wogulitsa amaponyapo pang'ono."

Amalume ananena zoona. Ulongwe unakhala munisipiyo m'caka ca 2008. Kuyambira pamenepo anthu okhala m'tauniyo amasankha okha atsogoleri ao pa zaka zisanu zilizonse. Atsogoleriwo amayang'anira msika, misewu ya m'tauni, zinyalala ndi malo omangapo nyumba. Nchito ikapanda kuyenda, anthu ali ndi ufulu wofunsa. Ndalamazo ndi zao.

Mbatata zitatha, amalume anayenda ndi mphwao m'tauni. Ankaloza ndi cala.

"Iyo ndi nyumba ya boma la Angonia yense, mpaka ku Domwe. Ico ndi cipatala. Awo ndi apolisi. Ofesi iliyonse ili ndi nchito yake. Wodwala sapita kupolisi. Wobedwa njinga sapita kucipatala. Munthu ayenera kudziwa khomo logogoda."

"Nanga khomo lathu ndi liti?"

"Lomwe lija tinalipeza lotseka. Mawa litseguka."

7. Nkhani ya usiku

Anakagona kwa amayi aang'ono. Iwo amakhala kumapeto kwa tauni. Anawalandira ndi manja awiri. Anaphika nsima ndi nyemba.

Atadya, mtsikana uja anafunsa: "Amayi, Tsiku la Mtendere ndi ciani?"

Amayi anamukhazika pamwendo.

"Kale kuno kunali nkhondo, mwanangu. Anthu anathawa m'midzi. Agogo ako anathawira ku Malawi, ku Dedza. Ine ndinabadwira komweko m'caka ca 1990. Pa 4 Okutobala 1992 atsogoleri anasaina mtendere ku Roma. Nkhondo inatha. Caka cotsatira tinabwerera kwathu. Agogo ako anasenza mphika pamutu. Ine ndinali kumsana."

"Munapeza nyumba yanu?"

"Tinapeza chire lokhalokha. Tinayamba ndi kumanga. Kenaka kulima. Za mapepala palibe amene anaziganiza. Ana ambiri a nthawi imeneyo tinakula opanda sedula."

Amayi aang'ono anasonkhezera moto. Amayi anapitiriza.

"Sukulu ndinkaikonda. Masamu ndinkakhoza. Ndinafika kalasi 5. Nthawi ya mayeso inayandikira. Aphunzitsi anatiuza kuti tibweretse sedula. Agogo ako anali kudwala. Panalibe wondiperekeza kuno. Ine ndinacita manyazi. Ndinangosiya kupita. Tsiku la mayeso ndinali kumunda. Ndinkamva belu likulira."

"Munalira?"

"Ndinalira. Sedula yanga ndinaitenga ndili wamkulu kale. Alembi anabwera kumudzi ndi tebulo lao. Anakhala pansi pa mtengo masiku angapo. Koma sukulu inali itandipita."

Mtsikana uja anagwira dzanja la amayi ake. Linali lolimba cifukwa ca khasu.

"Ndico cifukwa cake sitinabwerere lero," anatero amayi. "Gona tsopano."

8. Pa mzere

Lacitatu anadzuka kusanace. Amayi aang'ono anatenga bilyeti yao. Amalume anatenganso yao. Awiriwa ndiwo anali mboni.

Anapeza anthu ali kale pakhonde. Panali amayi a makanda. Panali mnyamata wofuna kalata ya mayeso. Panali mkulu wina wodzanena za maliro a mbale wake. Ofesiyo imalemba obadwa, okwatirana ndi omwalira.

Aliyense wofika ankafunsa: "Wotsiriza ndani?" Kenaka ankaima pambuyo pake. Mayi wina woyembekezera atafika, anthu anamupatsa malo pabenchi.

Citseko cinatsegulidwa nthawi ya 7:30. Mzere unkayenda pang'onopang'ono. Dzuwa linayamba kutentha. Mtsikana uja anamva njala. Mayi wina wosamudziwa anamupatsa nthoci.

"Landira ndi manja awiri," anatero amalume.

"Zikomo, amayi."

Kenaka nthawi yao inakwana.

9. Dzina lilembedwa

M'katimo munali mabuku aakulu ambiri. Ena anali akale kwambiri. Patebulo panali kompyuta. Mlembi anali mayi wovala magalasi. Anayamba kulankhula Cipwitikizi. Ataona kuti amayi akudodoma, anasintha nayamba Cinyanja.

"Takulandirani, mayi. Tikuthandizeni ciani?"

"Ndabwera kudzalembetsa mwanayu. Ndinacedwa. Bambo ake kulibe."

Amayi ananena mawuwa mwamantha. Ankaganiza kuti awabweza.

"Palibe kanthu," anatero mlembi. "Inu ndinu mayi ake. Mukwanira. Muli ndi ciani m'manjamo?"

Amayi anamasula nsonga ya kapulana. Anapereka kalata ya a nyakwawa. Anapereka khadi la kusikelo. Anapereka sedula yao. Mboni zinapereka mabilyeti ao.

Mlembi anawerenga zonse mosamala. Kenaka anaweramira kwa mtsikana uja.

"Iwe mwana, dzina lako ndani?"

Mtsikana uja anabisala kumbuyo kwa amayi. Amalume anamukankha pang'ono. Iye anachula dzina lake ndi kamawu kakang'ono.

"Sindinamve bwino. Kweza mawu. Dzinali likupita kutali."

Analichulanso mokweza. Anthu a pakhomo anaseka. Mlembi anayamba kulemba: ta, ta, ta, ta, ta. Malembo anali asanu.

Analemba mudzi. Analemba tsiku. Analemba dzina la amayi. Atafika pa malo a dzina la abambo, anapadumpha.

Mtsikana uja anaona kuti mzere umodzi watsala wopanda kanthu.

"Amayi, apo bwanji? Kodi ine ndilibe abambo?"

M'cipindamo munakhala zii. Amayi anayang'ana amalume. Amalume anayang'ana pansi. Mlembi anavula magalasi ake.

"Uli nawo, mwanawe. Koma ali kutali. Malo awa ndi ao. Tsiku limene adzabwere, adzafika pano ndi kunena okha kuti ndiwe wao. Pamenepo tidzalemba. Koma iwe sungadikire. Sukulu ikutsegula mu Febuluwale."

Kenaka mlembi anapereka colembera kwa amayi.

"Mudinda cala kapena musaina?"

"Ndisaina," anatero amayi. "Ndinafika kalasi 5."

Dzanja linanjenjemera pang'ono. Koma analemba dzina lao lonse, lembo ndi lembo. Mboni zinasainanso. Amayi analipira ndi ndalama za mbatata zija. Mlembi anawapatsa lisiti.

"Lisiti ili musalitaye. Mukalipira pa ofesi ya boma, muzilandira lisiti nthawi zonse."

Atadikira ndithu, mlembi anaitana dzina lija. Anapereka kalata ya kubadwa. Inali yoyera, ya cidindo. Panalinso nambala yaitali.

"Nambala iyi ndi yake yekha," anatero mlembi. "Lamulo la 2018 linati mwana aliyense wolembetsedwa akhale ndi nambala yake. M'dziko lonse la Mozambiki palibe wina amene ali nayo."

Mtsikana uja anaika cala pa dzina lake. Anawerenga malembo: "Cimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu."

10. Kubwerera kumudzi

Pobwerera njinga inali yopepuka. Thumba linali lopanda kanthu. Kumwamba kunali mitambo, koma mvula sinagwe.

Agogo anawacingamira panjira. Ataona kalatayo analuluta. Iwo sadziwa kuwerenga. Komabe anaigwira ndi manja awiri, naiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaikulunga m'pulasitiki. Anaiika m'bokosi lacitsulo, pamodzi ndi khadi la kusikelo.

M'mawa mwake amayi anapita kukathokoza a nyakwawa. Anapitanso kukaonetsa kalatayo kwa mphunzitsi wamkulu.

Sabata yomweyo mayi wina wa m'mudzimo anacira. Anabereka mwana wamwamuna. Mwamuna wake anali ku nchito ku Moatize. Amayi a mtsikana uja anapita kukaona khandalo. Anatenga ufa ndi nkhuni.

"Mwacira, anzanga?"

"Ndacira, zikomo."

"Mwanayu mukamucha dzina, musacedwe. Mukamulembetse akadali wakhanda. Simudzalipira kanthu."

"Ndidikira bambo ake abwere."

"Musadikire. Ine ndinadikira zaka zisanu. Mayi yekha akwanira. Khomo lake ndalidziwa tsopano. Ndidzakuperekezani."

Patapita masabata angapo, anapitadi. Ulendo uno anayamba afunsa a nyakwawa ngati tsikulo silinali la chuthi.

11. Tsiku loyamba

Mu Febuluwale 2023 sukulu inatsegulidwa. Cimanga cinali citatalika m'minda. Mtsikana uja anatenga kope ndi pensulo. Anakhala kutsogolo.

Aphunzitsi anatsegula buku la maina. Anayamba kuitana mmodzimmodzi. Atafika pa dzina la malembo asanu lija, mtsikana uja anaimirira.

"Ndilipo, aphunzitsi!"

Amayi ake anali panja, kuseri kwa windo. Anali ndi khasu paphewa. Anamva belu likulira. Anaima pang'ono. Kenaka anatsika njira ya kumunda.

Ana inu, dzina la mtsikanayu silinalowe lokha m'buku la boma. Agogo anasunga khadi. Anamwino analemba tsiku. A nyakwawa anadinda kalata. Amalume ndi amayi aang'ono anaikira umboni. Mlembi analemba. Koma amene anakana kubwerera pakhomo lotseka lija ndi amayi.

Mafunso

1. Kodi sedula imanena ciani za mwana?
2. Cifukwa ciani ofesi inali yotseka pa 4 Okutobala?
3. Msonkho wa kumsika umagwira nchito yanji?
4. Kodi mayi yekha akhoza kulembetsa mwana wake?
5. Dzina lako lili ndi malembo angati? Awerenge ndi cala.

Nchito ya kunyumba

Funsa amayi, abambo kapena agogo kuti: "Kodi sedula yanga ili kuti?" Ngati ilipo, apemphe akuonetse dzina lako. Ngati palibe, werengani nkhaniyi pamodzi.